Kuchotseredwa msonkho pa inshuwaransi ya zaumoyo ku South Africa

Kuchotseredwa msonkho pa inshuwaransi ya zaumoyo ndi dongosolo la boma la South Africa lochepetsa msonkho wa munthu amene amalipira mwezi ndi mwezi ku bungwe lomuthandiza kulipira kuchipatala. Dzina lake m'Chingerezi ndi Medical Scheme Fees Tax Credit. Lili mu gawo 6A la lamulo la msonkho la dzikolo la 1962, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Malichi 2012. Amaliyendetsa ndi bungwe lotolera misonkho la SARS.

Dongosololi limakhudza Amalawi ogwira ntchito ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, makamaka amene amalipirira inshuwaransi abale awo otsala kumudzi.

Ndalama zochotsedwa

M'chaka cha msonkho choyambira pa 1 Malichi 2024 mpaka pa 28 Febuluwale 2025, SARS inkachotsa R364 pamwezi kwa mwini inshuwaransi, R364 inanso kwa munthu woyamba womudalira, ndi R246 kwa aliyense wotsatira. Motero bambo wolipirira iye mwini, mkazi wake ndi ana awiri ankachotseredwa R1,220 pamwezi, kapena kuti R14,640 pachaka. Ndalamazi n'zofanana kwa wolemera ndi wosauka, ndipo zimachotsedwa pa msonkho weniweniwo, osati pa malipiro.

Oyenera kuchotseredwa

Lamuloli siliyang'ana kuti munthu ndi nzika ya dziko liti. Chofunika n'chakuti akhale wokhoma msonkho ku South Africa. Ngati msonkho wake uli wochepa kuposa ndalama zoyenera kuchotsedwa, zotsalazo sapatsidwa m'manja ndiponso sizisungidwa kuti adzazigwiritse ntchito chaka chamawa. M'chaka chomwecho munthu wosakwana zaka 65 ankayamba kukhoma msonkho akamalandira ndalama zoposa R95,750 pachaka. Choncho ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, za m'munda kapena maganyu sapindula ndi dongosololi.

Inshuwaransi ya kudziko lina

Gawo 6A limavomereza mitundu iwiri ya mabungwe. Woyamba ndi mabungwe olembetsedwa pansi pa lamulo la Medical Schemes Act la 1998, monga Discovery Health Medical Scheme ndi Bonitas. Wachiwiri ndi mabungwe a kunja amene analembetsedwa m'dziko lawo pansi pa lamulo lofanana ndi limeneli. Inshuwaransi yongopatsa munthu ndalama pa tsiku lililonse limene wagonekedwa m'chipatala siwerengedwa.

Mtundu wachiwiriwu ndi umene umakhudza mabanja ogawanika pakati pa mayiko awiri. Mwachitsanzo, munthu wogwira ntchito ku Johannesburg akhoza kumalipirira mkazi ndi ana ake okhala ku Nkolokosa mumzinda wa Blantyre, kuti akadwala azipita kuchipatala cholipira monga Mwaiwathu kapena Blantyre Adventist, m'malo mokadikira pamzere ku Queen Elizabeth Central Hospital. Ku Malawi bungwe lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Medical Aid Society of Malawi, limene anthu amangolitchula kuti MASM. Kuti munthu wotereyu achotseredwe msonkho, ayenera kutsimikizira SARS kuti bungwe lake ndi lolembetsedwa motere, kuti ndalamazo analipira ndi iyeyo, komanso kuti amene akuwalipirirawo ndi omudalira malinga ndi lamulo. Ngati abale awiri amathandizana kulipirira munthu mmodzi, monga mayi awo, amagawana ndalama zochotsedwazo molingana ndi zimene aliyense anapereka.

Pempholi limapita ku SARS, osati ku Malawi Revenue Authority, chifukwa msonkho wa malipirowo unakhomedwa ku South Africa.

Kapemphedwe kake

Ngati abwana amadula ndalama ya inshuwaransi pa malipiro, amachotseratu ndalamayi powerengera msonkho wa PAYE mwezi uliwonse. Amene amalipira yekha amapempha podzaza fomu ya ITR12 chaka cha msonkho chikatha. Ayenera kusunga malisiti ndi kalata yochokera kubungwelo kwa zaka zisanu, popeza SARS imatha kuziitanitsa.

M'mayiko ena

Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko. Ku Australia boma linayamba kubwezera anthu gawo la ndalama za inshuwaransi ya zaumoyo mu 1999. Kumeneko oyenera kulandira ndi okhawo ololedwa kuthandizidwa ndi Medicare amene inshuwaransi yawo ndi ya kampani yolembetsedwa m'dzikomo. Inshuwaransi yogulidwa kunja siivomerezedwa.