Za Mivukuto Iwiri ya Injini, ndi Magudumu a pa Wovwe

Ife okhala m'mbali mwa mtsinje wa Wovwe tizolowera kumva malole aakulu alikupita pa msewu wa M1, ochokera ku Songwe ndi mafuta a ku Dar es Salaam, nalunjika ku chikweza cha Chiweta. Ndipo yense wa khutu labwino wazindikira kuti pamwamba pa kubangula kwa injini pamveka kamluzu koonda, kokula pamene woyendetsa aponda moto. Kamluzu kameneko ndi mawu a chipangizo chotchedwa turbo. Chili m'malole a katundu, chilinso m'magalimoto a liwiro amene anyamata athu asirira pa zithunzi, m'mene amisiri amangamo ziwiri pamodzi. Tsono tifuna kulongosola mbiri yake, abale owerenga, pakuti nzeru yake si yachilendo kwa ife monga tiyesa.

Tiyambe ndi chipala. Aphoka a m'mapiri a Khondowe ndi Nyika anali osula otchuka, ndipo mabwinja a ng'anjo zao aoneka kufikira lero. Wosula aliyense anadziwa kuti moto sudya makala okha, udyanso mphepo. Ukaunjika makala osaupatsa mphepo, ufuka utsi chabe, chitsulo osapsa. Chifukwa chake anasoka mvukuto wa matumba awiri a chikopa cha mbuzi, kuti thumba lina likamakoka mphepo, linzake lilikuuzira, moto usapume.

Injini ya galimoto ndiyo chipala chotsekeka. M'kati mwake muli timiphika tachitsulo, masilinda, m'mene mafuta asanganizika ndi mphepo nayaka, nakankha pisitoni monga munsi mu mtondo. Mafuta munthu akhoza kuthira ochuluka monga afuna, koma mphepo ilowa ya muyeso wa mphikawo basi. Apa ndipo panali msampha wa amisiri akale: pofuna mphamvu yambiri anamanga injini yaikulu, koma ikakula ilemera, ndipo mphamvu ina ithera posenza thupi lake lomwe.

Mphamvuyo aiyesa ndi akavalo. Muyesowo anauika James Watt wa ku Scotland m'zaka za m'ma 1780, pofuna kuuza ogula makina ake chiwerengero cha akavalo amene makinawo adzalowa m'malo mwao. Kavalo mmodzi ndiyo mphamvu yokweza katundu wa makilogalamu pafupifupi 75 mita imodzi m'mwamba pa sekondi imodzi. Akadabadwira kuno kapena akadayesa ndi ng'ombe zathu za pulawo, pakuti kavalo ambiri a ife tingomumva m'mabuku.

M'chaka cha 1905 mmisiri wa ku Switzerland, dzina lake Alfred Büchi, analembetsa nzeru yatsopano. Anaona kuti utsi wotuluka m'injini uli wotentha ndi waliwiro, ndi kuti gawo lalikulu la mphamvu ya mafuta lithawira momwemo. Nati aike gudumu la mapiko panjira pa utsiwo kuti uziliyendetsa. Ndipo pa ndodo yomweyo ya chitsulo, ku nsonga inayo, aike gudumu lachiwiri lokankhira mphepo yatsopano m'masilinda. Chotero injini ivukutira moto wake wokha ndi chinthu chimene idali kutaya. Chaka chomwecho cha 1905 magetsi anayaka pa Livingstonia, pakuti Dotolo Robert Laws ndi anzake anatchera gudumu pa madzi a Manchewe. Anthu awiriwa sanali pa ntchito imodzi, koma onse anakola ndi gudumu la mapiko chinthu chongodzipitira, wina utsi, wina madzi.

Nzeru ya Büchi inalinda zaka makumi awiri, popeza zitsulo za nthawi ija zinalephera kupirira kutentha kwa utsi. Inayamba kuonetsa phindu m'mwamba. Pamwamba pa phiri mphepo ichepa mphamvu, monga adziwa amene anasenza katundu pa Nyika. Ndipo injini nayonso ibanika. Mu 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakwera ndi injini ya ndege pa phiri la Pikes Peak ku America, la mamita oposa 4,000, naimangira turbo, ndipo mphamvu imene idatayika pokwera inabwerera. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1920, zombo ziwiri za ku Germany, Preussen ndi Hansestadt Danzig, zinalandira injini za dizilo zokhala ndi chipangizo cha Büchi, ndipo injini ya akavalo 1,750 inafika pa 2,500. Mu 1938 kampani ya Saurer inachiika m'lole. Magalimoto aang'ono anayamba mu 1962 ku America, koma oyambawo sanakhalitse pamsika.

Chovuta chinali ichi. Gudumu lalikulu lipatsa mphepo yambiri, koma lichedwa kudzuka. Woyendetsa aponda moto, galimoto likhala ngati silinamve. Ndipo patapita kamphindi mphamvu yonse ifika kamodzi, nthawi zina pakati pa khota, niponya galimoto kutchire. Amisiri anachita monga osula athu: m'malo mwa thumba limodzi lalikulu, matumba awiri aang'ono, pakuti gudumu laling'ono lipepuka, nilidzuka msanga. Maserati ya ku Italy inaonetsa galimoto lotere mu 1981, nilitcha Biturbo. Mu 1986 Porsche ya ku Germany inatulutsa 959, m'mene turbo ina igwira yokha injini ikamayenda pang'ono, inzake nilowa pamene liwiro lakula. Ndipo mu 1987 Enzo Ferrari, ali nkhalamba, chaka chimodzi asanamwalire, anaonetsa F40: masilinda 8 oimikidwa mizere iwiri, mzere uliwonse ndi turbo yake, injini ya malita 2.9 okha, koma akavalo 478, ndi liwiro la makilomita oposa 320 pa ora. Ulendo wa liwiro lotere misewu yathu siuloleza, ndipo ife sitidandaula.

Asanyengeke munthu kuti ntchitoyi ndi kungomangirira magudumu awiri pa injini iliyonse. Moto ukakula, nyumba yake iyenera kulimba. Womanga achotsa mapisitoni othiridwa m'chikombole, naika osulidwa, pakuti chitsulo chosula chipirira nkhonya kuposa chothira, monga akulu athu anadziwa pa makasu. Akuzanso pang'ono malo otsala pamwamba pa pisitoni, chifukwa petulo wopanikizidwa kopambana aphulika nthawi yake isanakwane, naboola pisitoni. Mphepo nayo ikapanikizidwa itentha, ndipo yotentha ili yopepuka. Chotero aiyendetsa m'timipope tozizira isanalowe. Aikanso kachitseko kopatutsa utsi pamene mphepo yakwana, kuti gudumu lisapenge ndi kuswa injini. Ndipo ambiri oononga injini zao ndiwo aja atseka kachitseko kameneka pofuna akavalo oonjezera. Koma chachikulu ndi oyilo. Gudumulo lizungulira koposa 100,000 pa mphindi imodzi, m'utsi wakufiiritsa chitsulo, ndipo ndodo yake iyandama pa oyilo woonda ngati khoko la anyezi. Oyilo akada kapena akachepa, turbo ifa msanga. Ndicho chifukwa woyendetsa lole wanzeru, atakwera Chiweta, sazima injini pomwepo, koma ailola ipume ilikulira pang'onopang'ono kufikira gudumu litazizira. Mnyamata wogula galimoto logwirapo kale ntchito, nachita umbombo pa oyilo, adzaphunzira zimenezi ndi thumba lake.

Tibwerere kwathu. Mu 1995 ESCOM inatsegula nyumba ya magetsi pa Wovwe, pamene mtsinje utsika kuchokera ku Nyika. Ndipo kuyambira 2017 aisamala a EGENCO. Madzi atsika m'mpope nagunda magudumu atatu, amene pamodzi apatsa mamegawati oposa 4, ndiwo akavalo pafupifupi 6,000. Mwa nyumba za magetsi a madzi za EGENCO, iyi yokha ili kunja kwa mtsinje wa Shire.

Tsono taonani chodabwitsa: magalimoto 12 a F40, onyamula anthu awiriawiri, alingana mphamvu ndi nyumba yonse ya pa Wovwe. Tinawerenga kawiri tisanakhulupirire. Koma galimotolo lipatsa akavalo ake onse kanthawi kochepa, pamene woyendetsa wapondereza moto mpaka pansi, ndipo petulo wake achokera kutsidya kwa nyanja yamchere, wogula ndi ndalama zakunja. Magudumu a pa Wovwe azungulira usana ndi usiku osamwa dontho la petulo, nayendetsa zigayo, naunikira masukulu ndi zipatala; ndipo madzi aja, atatha ntchito yao m'mwamba, atsikira kuchigwa, nalowa m'ngalande za minda ya mpunga, otsala napita kunyanja.