Odwala Misala: Kuchokera ku Ndende ya Zomba Kufika ku Chezi

Zaka zana zapitazo, munthu wa ku Chezi, m'mapiri a Dowa, akadwala misala, abale ake ankayamba apita naye kwa sing'anga. Akakhala wolusa ankamuika m'goli kuseri kwa nyumba. Boma la atsamunda silinkaloŵererapo, pokhapokha wodwalayo atatentha nyumba kapena kuvulaza munthu. Apo thandizo lake linali limodzi basi: ulendo wa ku Zomba, mtunda woposa makilomita 250.

Kumeneko sikunali kuchipatala ayi. Malo osungirako amisala amene adatsegulidwa m'chaka cha 1910 anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owasamala anali asilikali a ndende, osati anamwino. Cholinga chinali kuchotsa wodwalayo pakati pa anthu. Za kuchira kwake zinkabwera pambuyo. Omvera aganizire mayi wa ku Mvera kapena ku Ntchisi amene mwana wake watengedwa: kukamuona kunali kuyenda masiku ambiri pansi, kotero ambiri sankayesa n'komwe. Wodwala wotayana ndi abale ake, ngakhale atapeza bwino, ankasoŵa womutenga.

Lamulo la kasamalidwe ka odwala misala lidakhazikitsidwa mu 1948, ndipo mu 1953 chipatala chenicheni cha odwala misala chidatsegulidwa ku Zomba. Kunali kusintha kwakukulu, pakuti wodwala tsopano anali m'manja mwa madokotala. Komabe mtunda sudafupike.

Maganizo ofupikitsa mtundawo adakula msonkhano wa ku Alma-Ata utachitika mu 1978, pamene maiko adagwirizana kuti chithandizo cha zaumoyo chizipezeka pafupi ndi kumene anthu akhala. Anamwino ophunzira za misala adayamba kutumizidwa m'zipatala za m'maboma, kuti azionanso odwala khunyu, ndi kuyendera zipatala zazing'ono. Papepala zinali bwino. Koma namwino mmodzi ameneyo kaŵirikaŵiri ankabwerekedwa ku chipinda cha amayi oyembekezera, galimoto ikasoŵa mafuta ulendo unkalephereka, ndipo mankhwala akatha wodwala ankabwerera kumudzi chimanjamanja, matenda n'kuyambiranso.

Amishoni nawo adathandiza: a St John of God adayamba ntchito yotere ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, kenaka ku Lilongwe. Mu Dowa momwemo osoŵa thandizo adachuluka kuyambira 1994, pamene Dzaleka, imene kale inali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, idasanduka msasa wa othaŵa nkhondo, ambiri mwa iwo ataona zoopsa zosautsa maganizo.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lija la 1948, lolembedwa odwala akali m'manja mwa oyang'anira ndende, lidagwirabe ntchito zaka zoposa 70. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano, loika ufulu wa wodwala patsogolo, m'chaka cha 2025.