Mwana wa ku Kadango amene ankasunga ndakatulo m'mutu

Kuyambira kale, amayi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi akhala akutulutsira nkhawa zawo pamtondo. Mwamuna wa mowa, apongozi olongolola, imfa ya mwana, zonsezi zinkalowa m'nyimbo yosinjira, ndipo wonenedwayo sakanakasuma kwa mfumu poti dzina lake silinamveke. Mlakatuli Jack Mapanje anakulira m'luso lokuluwika mawu limeneli.

Mapanje anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango, boma la Mangochi likutchedwabe Fort Johnston. Mu 1965 derali linaona zakuda pamene Henry Masauko Chipembere anayambitsira kumeneku nkhondo yofuna kugwetsa boma la Dr Kamuzu Banda. Atalephera, anthu ambiri anamangidwa, otsala anaphunzira kumeza mawu.

Mu 1970, Mapanje ndi anzake a ku Chancellor College anayambitsa gulu la alembi la Writers Group. Kumeneko zowawa za dziko ankazibisa m'nthano, m'miyambi ndi m'mayina a nyama. Buku lake loyamba, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981, koma mu 1985 linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a m'dziko muno. Pa 25 Seputembala 1987 apolisi anamugwira ku Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa kolejiyo, n'kukamutsekera kundende ya Mikuyu osamuuza mlandu wake.

Ku Mikuyu akaidi sankaloledwa pepala kapena cholembera. Munthu amene sakudziwa tsiku lotuluka, maganizo amamudya msanga kuposa njala. Mapanje ankapeka ndakatulo mumtima, n'kumazibwereza kuti zisathawe, ndipo ntchito imeneyi inkapatsa mutu wake chochita pamene thupi linalibe kolowera. Kunja, alembi anzake ankamumenyera nkhondo: mu 1988 Wole Soyinka anakamulandirira mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam.

Anatuluka mu Meyi 1991, patatha zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anasamukira ku England ndi banja lake. Zina mwa zimene anasunga m'mutu zinatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Koma mbiri yonse ya ukaidi wake, And Crocodiles Are Hungry at Night, inadikira mpaka 2011. Chilonda cha mumtima sichipola tsiku lotsegulidwa chitseko.

Lero alakatuli achinyamata amatchula poyera zimene akale ankazungulira: kudzipha, nkhanza za m'banja, katapila, ulova. Mavuto amenewa amadwalitsa maganizo, komabe chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, kutali ndi msodzi wa ku Makanjira amene nsomba zamuthera, ngongole yamukwana. Ndakatulo singalowe m'malo mwa mankhwala kapena uphungu wa kuchipatala. Chimene imatha n'kuchititsa wovutikayo kuyamba kulankhula, ndipo achibale ndi madokotala amathandiza munthu amene wanena pomwe pakuwawa.