Ndime zoyesera feteleza: kufunsa nthaka mlingo womwe ikufuna

Ndime zoyesera feteleza ndi timagawo ta munda tomwe mlimi amathiramo milingo yosiyanasiyana ya feteleza pofuna kudziwa mlingo womwe ungamupatse phindu. Njirayi ndi yofunika chifukwa nthaka imasiyana, ngakhale m'mudzi umodzi.

Kwa zaka zambiri, alimi a chimanga cha haibulidi m'dziko muno ankalandira uphungu wofanana pa kathiridwe ka feteleza, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. M'nyengo ya ulimi ya 1995/96, alangizi a unduna wa zaulimi adakhazikitsa ndime zoyesera m'minda ya alimi yoposa 1,000, ndipo zotsatira zake zidathandiza kukonza uphungu wolingana ndi dera lililonse.

Boma la Nkhata Bay likusonyeza bwino kufunika kwa njirayi. Bomali limalandira mvula yambiri, ndipo m'mbali mwa nyanja, monga ku Chintheche ndi Kande, muli nthaka yambiri yamchenga. Mvula ikachuluka, mchere wa nayitrojeni umalowerera pansi pomwe mizu siifika. Pomwe nthaka ili ndi asidi wambiri, mchere wa fosiforasi umamangika, mbewu osaupeza. Choncho thumba la makilogalamu 50 lomwe lapindulitsa mlimi wa ku Lilongwe likhoza kukhumudwitsa wa ku Kande.

Kayesedwe kake nkosavuta. Mlimi amasankha malo ofanana nthaka ndi kutsetsereka, nkuwagawa m'ndime zinayi zoyandikana, iliyonse ya mizere isanu yotalika mamita 10. Ndime yoyamba sathiramo kanthu. Yachiwiri amathiramo theka la feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, yachitatu mlingo wonse, ndipo yachinayi theka pamodzi ndi manyowa. Mbewu, tsiku lobzala ndi kapaliridwe zikhale zofanana, kuti kusiyana kulikonse kuchokere ku feteleza basi.

Pokolola amatenga mizere itatu yapakati yokha, chifukwa yam'mbali imabera chakudya ku ndime yoyandikana nayo. Chimanga chikauma, amachitonola nkuchiyeza pa sikelo, osangodalira kubiriwira kwa masamba. Kenaka amayerekeza mtengo wa chimanga choonjezerekacho ndi ndalama zomwe zidapita ku feteleza.

Chaka chimodzi chikhoza kunamiza, choncho nkwanzeru kubwereza kwa nyengo ziwiri kapena zitatu, pamalo angapo. Njirayi imagwiranso ntchito pa mpunga ndi chinangwa. Alimi angapemphe thandizo kwa alangizi a m'dera lawo kapena kumalo ofufuzira zaulimi a Mkondezi, m'boma lomweli.