Nyamakazi ndi maso: mankhwala a mawondo angathe kuchititsa khungu

Nyamakazi ndi dzina limodzi la matenda angapo a m'malo olumikizira mafupa. Yofala kwambiri pakati pa alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ndi ija yobwera ndi ukalamba ndi ntchito yolemetsa. Kansalu kosalala kamene kamakuta nsonga za mafupa kamaperepeseka pang'onopang'ono, mafupa n'kumakhulana. Imakonda mawondo, chiuno ndi msana, ndipo imalusa munthu akaweruka kumunda kapena akatula thumba la mbatatesi. Akapuma, ululu umachepa.

Mtundu wina, umene achipatala amautcha artrite reumatoide, umayamba chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi thupi lomwelo. Umagwira kwambiri amayi, umatupitsa zala za manja onse awiri, ndipo m'mawa manja amauma kwa ola lathunthu kapena kuposa. Nyamakazi iyi imafikanso m'maso: amauma ngati mwalowa mchenga, nthawi zina diso limafiira ndi kupweteka mkati.

Koma ngozi yaikulu kwa maso imachokera ku mapiritsi. Dexametasona ndi prednisolona, amene kutsidya ku Malawi amalembedwa dexamethasone ndi prednisolone, amapezeka m'misika ya m'malire popanda kalata ya dokotala. Amachotsa ululu msanga, n'chifukwa chake wodwala amawakhulupirira n'kuuzanso mnzake. Akamwedwa miyezi ndi miyezi amabweretsa ng'ala, kutanthauza kuti kagalasi ka m'kati mwa diso kamachita chifunga. Angathenso kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuwononga mtsempha wopenyera, matenda otchedwa glaucoma. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu ali maso, ndipo ambiri amapenyanso. Glaucoma ndiye yoipa: kawirikawiri sipweteka, imayamba kudya kupenya kwa m'mbali, ndipo chimene yadya sichibwerera.

Mapiritsi omwewa amakweza shuga, amatupitsa nkhope (ena amayesa akunenepa) ndi kufewetsa mafupa amene munthu amafuna kuchiritsa. Amene wawamwa kupyola milungu itatu asawasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo angathe kufooka koopsa. Apite ku centro de saúde atanyamula pepala kapena kabotolo ka mankhwalawo, kuti amuchepetsere pang'onopang'ono ndi kumutumiza kokayezetsa maso, monga ku Hospital Provincial de Tete.

Mankhwala odontheza m'maso okhala ndi dexametasona ali ndi vuto lawo. Diso lokalidwa ndi tsamba la chimanga nthawi yokolola likathiridwa mankhwalawa limaoneka ngati lapola, pamene chilonda chikukula.

Nyamakazi ya ukalamba sichira kotheratu, koma imagonja. Paracetamol ndiye woyambira. Ibuprofeno ndi diclofenac amathandiza kwa masiku ochepa, atadya kaye, poti amabala zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Kuthowa ndi madzi ofunda m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kuyenda tsiku ndi tsiku, kugawa katundu pawiri, ndi ndodo yogwirira kudzanja lotsutsana ndi bondo lodwala, zonsezi zimapepuza.

Bondo limodzi likatupa mwadzidzidzi, likutentha, munthu ali ndi malungo, akhoza kukhala mafinya m'kati. Ameneyo afike kuchipatala tsiku lomwelo, osatemera mphini.