Mbiri ya Nyali ya Dzungu

Pa 31 Okutobala, pamene kuno dzuwa limakhala likuswa mtengo ndipo alimi ali kalikiliki kusosa m'minda, ku America chisanu chimakhala chikuyandikira. Usiku wa tsikulo, pa makomo a nyumba zambiri pamaoneka maungu ogobedwa m'kati, osemedwa maso, mphuno ndi mano, kandulo ikuyaka m'mimba mwake. Tsikulo ndi Halloween, ndiko kunena usiku wotsogolera chikondwerero cha Oyera Onse cha pa 1 Novembala. Ambiri amayesa kuti mwambowu unabadwira ku America. Dzungu lokha ndilo la kumeneko. Nyaliyo inaoloka nyanja pamodzi ndi anthu othawa njala.

Kwao kwa nyaliyi ndi ku Ireland ndi ku Scotland. Kumeneko kunalibe maungu, choncho anyamata ankagoba tanaposi, osati wa masamba amene amayi amagula pa msika, koma mtundu wina wobereka chitsinde chachikulu pansi. Chitsindecho n'cholimba ngati mtengo, ndipo kuchigoba ndi mpeni kunkatupitsa manja. Akamaliza ankaikamo khala la moto kapena kandulo, n'kumayenda nacho mu mdima kuopseza anzao, kapena kuchiika pa zenera kuti mizimu yoipa ilambalale nyumbayo.

Dzina lake pa Chingerezi ndi jack-o'-lantern. M'zaka za m'ma 1660 mauwa ankatanthauza munthu woyenda ndi nyali usiku, monga mlonda, komanso timalawi tachilendo timene nthawi zina timaoneka m'madambo. Anthu a ku Ireland anali ndi nthano yofotokoza timalawito. Amati kunali chidakwa china choumira, dzina lake Jack. Tsiku lina anamwa mowa ndi Satana, ndipo itakwana nthawi yolipira, anamunyengerera kuti asanduke ndalama. Satana atasanduka, Jack anaponya ndalamayo m'thumba momwe munali mtanda, mwakuti mkuluyo anakanika kutuluka kufikira atalonjeza kuti sadzatenga mzimu wa Jack. Atamwalira, kumwamba anamukana chifukwa cha ntchito zake, ndipo Satana naye anasunga pangano lake namutsekera chitseko. Anangomuponyera khala limodzi la moto, limene Jack anaika m'tanaposi wogoba, ndipo akuti mpaka lero akungoyendayenda wopanda kwao.

Mabuku ambiri amanena kuti nyalizi zinayamba ndi Samhain, mwambo wakale wa anthu a ku Ireland wotsekera nyengo yokolola. Samhain analipodi, ndipo anthu ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayenda pakati pa amoyo. Koma zolembedwa zotchula nyali za tanaposi pa Halloween zimayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1800. Wonena kuti mwambowu uli ndi zaka zikwi ziwiri akungokometsa nkhani.

Chimene sichikaikitsa ndi njala. Mu 1845 matenda a chiwawu anagwira mbatata ya kachewere, chakudya chimene amphawi a ku Ireland ankadalira monga momwe banja la kumudzi limadalirira chimanga. Dzikolo linali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Pofika 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa, ndipo enanso oposa miliyoni anali atakwera zombo, ambiri kulowera ku New York, Boston ndi Canada. Katundu analibe, anapita ndi nthano ndi miyambo yao basi.

Kutsidyako anapeza dzungu, mbeu imene anthu a ku Mexico anayamba kulima zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Ngakhale maungu amene amatipatsa nkhwani, makolo ake anachokera ku maiko a America, monganso chimanga. Ana a kumeneko anali atayamba kale kusema nkhope pa maungu nthawi yokolola. Wolemba ndakatulo John Greenleaf Whittier anakumbukira masewerawa m'ndakatulo yake ina, koma sanatchulemo Halloween. Miyambo iwiriyi inakumana pang'onopang'ono, ndipo mu 1866 nyuzipepala ina ya ku Kingston, m'dziko la Canada, inalemba za ana oyenda ndi maungu oyaka usiku wa Halloween. Tanaposi anagonja msanga, pakuti dzungu ndi lalikulu, lofewa, ndiponso lili kale ndi mphako.

Pambuyo pake malonda analowererapo. Mlimi wina wa ku Massachusetts, John Howden, anapanga mtundu wa dzungu wa khungu lolimba ndi phesi lokhuthala logwirira, umene unafala m'zaka za m'ma 1970. Maonekedwe ake ndi okongola, koma mu mphika ndi lamadzimadzi ndi losakoma, ndipo ambiri amatayidwa chikondwerero chikatha, chinthu chimene agogo ao othawa njala aja sakanachimvetsa. Mu 2013 anthu a m'tauni ya Keene, ku New Hampshire, anayatsa nyali za maungu 30,581 nthawi imodzi.

Ku Ireland komweko ana ambiri tsopano amasema maungu. Wofuna kuona nyali ya makolo amapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale kufupi ndi Castlebar, m'boma la Mayo. Mu 1943 mphunzitsi wina wa ku Fintown, ku Donegal, anapereka tanaposi wosemedwa monga anthu ankachitira kale kumeneko, ndipo poti akanaola, osunga zinthu zakale anaumba chifanizo chake ndi pulasitala. Kankhope kake n'kokwinyika, maso ang'onoang'ono, mano ali gwa, ndipo sikaseka ngati dzungu.