Kukayikira za Kutentha kwa Dziko Kunayambira Kuti?

Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba ndipo malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse, tinali kukangana m'maminibasi ndi pa WhatsApp. Ena anati ndi kusintha kwa nyengo. Ena anati ndi bodza la azungu, popeza cilala cinaliko ngakhale mu 1992. Mkangano umenewu sunayambire ku Lusaka, ndipo mbiri yake ingatithandize.

Mu 1896, wasayansi wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengetsera kuti dziko lidzatentha ngati mpweya wa carbon dioxide, umene umatuluka tikaocha malasha, waculuka m'mlengalenga. Asayansi ambiri anamukayikira, ena poganiza kuti nyanja zidzameza mpweyawo. Mu 1958, Charles Keeling anayamba kuupima pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Anapeza magawo pafupifupi 315 pa miliyoni. Lero apitirira 420. Kukayika kuja kunali koona mtima, ndipo kupima ndiko kunakuyankha.

Okayikira amakonda kutikumbutsa kuti mu 1975 magazini ya Newsweek inalemba kuti dziko likuzizira. Inalembadi. Koma mu 2008, ofufuza atawerenganso malipoti a sayansi a pakati pa 1965 ndi 1979, anapeza 7 okamba za kuzizira ndi 44 okamba za kutentha.

Kukayika kwina kunali ndi ndalama kumbuyo kwake. Mu 1977, James Black, wasayansi wa kampani ya mafuta ya Exxon, anauza mabwana ake kuti kuocha mafuta ndi malasha kukusintha nyengo. Mu 1988, James Hansen wa ku NASA anauza aphungu a ku America kuti kutentha kwayamba kale. Caka cotsatira, makampani akuluakulu, Exxon ili pomwepo, anapanga gulu la Global Climate Coalition, limene linatha zaka zambiri likuuza anthu kuti asayansi sanagwirizane. Mu 2023, magazini ya Science inaonetsa kuti asayansi a Exxon ananeneratu kuti kutentha kudzakwera ndi madigiri pafupifupi 0.2 pa zaka khumi zilizonse, ndipo n'zimene zinacitika. Kampani inali kudziwa, koma anthu anali kuuzidwa zina.

Kodi asayansi salakwitsa? Amalakwitsa. Lipoti la bungwe la IPCC la mu 2007 linati madzi oundana a m'mapiri a Himalaya angathe pofika 2035. Zinali zolakwika, ndipo mu 2010 bungwelo linavomera. Amene anafunsa mafunso pamenepo anacita bwino.

Conco tisamaseke mnzathu amene akukumbutsa za 1992. Cilala cimodzi pacokha si umboni, ndipo ca mu 2024 cinabwera ndi El Niño, monga cija ca 1992. Umboni uli m'kupima kwa zaka zambiri, kumene kukuonetsa kuti 2024 cinali caka cotentha kuposa zaka zonse zimene zinapimidwapo padziko lonse.

Ife amene magetsi athu amadalira madzi a Zambezi ndi Kafue, ndipo nsima yathu imadalira mvula, tili ndi ufulu wokayikira. Koma uthenga wina ukafika pa foni, kaya wotiopseza kapena wotiuza kuti zonse n'zabodza, tiyeni tifunse: ndani anapima, ananeneratu ciani, ndipo ndani akumulipira?